Mbuzi ya ukwati wa Luwiza inalowa mumgolo

Amene wandikakamiza kuti ndifotokoze izi ndi Profesora Amelia, mphunzitsi uja amagula nyama kwa ine tsiku la msika pano pa Insaca, ku Mozambique kuno. Akuti, "Tiya," ndiye kuti azakhali, "mumangotiuza zidutswazidutswa uku mukukulunga nyama. Tsiku lina nenani yonse kuyambira kumutu." Ndiye ndakhala pansi. Sukulu ndinalekeza panjira ku Malawi, nthawi ija tinathawa nkhondo, choncho ndilemba monga ndimayankhulira. Pokhota muwongole nokha.

Mtendere utabwera tinabwerera kumudzi kwathu, cha ku Amaramba, ndipo sipanapite nthawi yaitali amuna anga anamwalira. Anandisiyira munda wa chinangwa ndi mwana mmodzi, Luwiza. Mano ake a mkaka anali asanayambe n'kuguluka komwe pamene ndinamusiya kwa mng'ono wanga Marita n'kukwera shapa, minibasi zathu zija, ulendo wa ku Joni. Wofuna kundiweruza andiweruze, ine ndikudziwa chimene ndinapitira. Chinangwa chimakhutitsa, koma sichiveka mwana nsapato.

Za ulendo sindinena zambiri, chifukwa ndikayamba tifika mawa. Tinadutsa Malawi, mlatho wa ku Tete, Zimbabwe, miyendo itatupa ngati chinangwa choviika. Mbali ina tinayenda titafunditsidwa lona kumbuyo kwa lole, pamodzi ndi matumba a anyezi. Mpaka lero ndikanunkhiza anyezi wowola ndimakumbuka fronteira, pachipata cha malire paja.

Anthu kuno amayesa ku Joni ndi nyumba zosanja zokhazokha. Ine ndinkagona m'kachisakasa ka malata pafupi ndi hositelo ya amuna ogwira ntchito m'migodi ndi m'mafakitale. Tinalimo azimayi angapo, wina wa ku Machinga, wina wa ku Zimbabwe amene ankapemphera mokuwa ngati Mulungu ndi gonthi. Chisanu chakumeneko, inu! Tinkagona ndi nsapato, titagundana misana ngati ana a mbewa. Wina akadwala tinkamuphikira phala mosinthana, wina akalandira uthenga wa maliro tinkalira naye ngakhale womwalirayo sitimudziwa. Ubale wake unali womwewo.

Ntchito ndinaipeza kwa mayi wina dzina lake MaNkosi, wogulitsa nyama yootcha pachipata cha hositelo. Chimzimayi chotalika, mawu ngati lole yokwera phiri. Poyamba ankanditsukitsa mbale ndi nthumbwana za ng'ombe m'madzi ozizira mpaka zala kuchita dzanzi. Tsiku lina mpeni unandicheka ndipo ndinatukwana m'Chipwitikizi. Bambo wina amene ankawotcherera zitsulo pambali anatukula mutu.

"Epa! Ndiwe wakwathu iwe?"

Anali Tiyu Feniyasi, ndiye kuti amalume Feniyasi, Mshangani wa ku Gaza, kummwera kwa Mozambique, zala ziwiri anazisiya mumgodi. Kwawo ndi kwathu ndi kutali zedi, chinenero chawo sindichimva, koma ku Joni wa ku Mozambique aliyense ndi mwana wa mayi ako. Iyeyu ndiye anandiphunzitsa za mgolo.

Tsono mvetserani, chifukwa ambiri amandifunsa. Mgolo si mgolo uliwonse. Tiyu Feniyasi ankalowetsamo mutu n'kununkhiza kaye. Wa penti ayi, wa mankhwala ayi, wa oyilo wa galimoto ayi. Ufune umene munali mafuta ophikira kapena madzi a zipatso. Ukaupeza, dzazamo nkhuni uyatse chimoto, upse mpaka utoto wonse usupuke. Ukazizira kwecha ndi mchenga, tsuka, paka mafuta ophikira mkati monse. Cha pansi boola timabowo tating'ono, ndipo kalikonse kakhale ndi kachitini kotsekera. Makala sakhala pansi penipeni, amakhala m'kadengu ka waya ka miyendo, kuti phulusa lizigwa. Cha kumwamba lowetsa mabawuti, pamenepo pakhale waya woikapo nyama, ndipo ina uzipachika pa ngowe. Kuchokera pamoto kufika pa nyama pakhale mtunda wa mkono wonse. Chivundikiro nacho chikhale ndi mabowo otulukira utsi ndi chogwirira chamtengo, pokhapokha ngati zala zako wazitopera.

Moto wake suyatsa makala onse. Umayatsa ochepa pamwamba, iwo n'kumadya anzawo pang'onopang'ono kutsika pansi. Pakati umaponyamo tizidutswa ta mtengo wa zipatso. Kuno ndimagwiritsa mango. Bulugamu musayerekeze, nyama imawawa ngati mankhwala a malungo. Utsi uzikhala wopyapyala, woti uyang'anitsitse kuti uuone. Ukatuluka woyera wa tolotolo, dziwa kuti moto wabanika. Tiyu Feniyasi ankati moto wa mumgolo uli ngati mwamuna wansanje: ukaupatsa mpata wambiri ulusa, ukaumana ukwiya n'kukhala duu.

Chimene ankadana nacho kwambiri ndi kutsegula chivundikiro. Ine mtima unkandivuta, ndinkafuna kuona. Ndikangogwira chogwirira, chipande pamkono, pha!

"Nkhuku yochokachoka pa mazira imasukusitsa, mana, mchemwali wanga. Ika dzanja pamwamba, mgolo ukuuza wokha."

Ndipo zoona, dzanja limaphunzira. Patapita nthawi ndinkadziwa za mkati osaona. MaNkosi anandichotsa ku mbale n'kundipatsa migolo yonse. Loweruka amuna a m'hositelo ankafola mzere, nyama yofewa yoti ngakhale wopanda mano adya, fupa kungolikoka lituluka loyera. Ena ankadya akuimba nyimbo zakwawo, ena ankangodya chete misozi ili m'maso, kaya ndi piripiri kaya ndi kwawo, sindinafunse.

Zowawa zinaliponso. Inafika nthawi ina eni dziko anayamba kuthamangitsa alendo. Anabwera ndi zibonga masana dzuwa likuswa mtengo, anagubuduza migolo yathu, makala mbwee pamsewu. MaNkosi anaima pakhomo ndi chimpeni chodulira nyama, ife titabisala kumbuyo kwake ngati anapiye. Anati, "Awa ndi ana anga. Wofuna kulowa ayambe ndi ine." Sanalowe. Koma Tiyu Feniyasi mtima unamuchoka, anamanga katundu n'kubwerera ku Gaza. Mgolo wotsatira ndinaupanga ndekha ndi hamala ndi chizulo, mabowo okhotakhota, koma unaphika.

Kumudzi ndinkatumiza kudzera kwa madalaivala: mabulangete, zitenje zimene kuno timati makapulana, malata, nsapato. Marita ankanditumizira kachingwe ka muyeso wa phazi la Luwiza, ndipo ulendo uliwonse kachingweko kankabwera katatalikirapo. Mwana wanga ndinkamuona akukula pa chingwe. Matelefoni atabwera ndinkaimba. Iye ankangoti, "Ndili bwino, kaya inu," basi n'kubweza telefoni kwa Marita.

Maondo atayamba kudandaula ndi maso kufiira ndi utsi, ndinati pronto, zakwana. Ndinabwera. Ndinapeza Luwiza ali chinamwali chachitali kundiposa. Anagwada patali, kundipatsa moni waulemu wonse ngati ndine mlendo wa ku boma. Ndinati ndi manyazi, zitha. Mawa lake ndinapha nkhuku, ndinaphika ndi luso langa lonse.

"Luwiza, bwera udye."

"Ndadya kale, amayi."

Tsiku lina ndinaphika mpunga wa nazi, wothira mkaka wa kokonati. "Ndadya kale." Ngakhale tiyi. Sanandinyozepo, sanakwezepo mawu, koma akamva njala ankapita ku mphika wa Marita. Marita si munthu woipa, anandilerera mwana bwino, ndipo ankati, "Mana, musiyeni, azolowera." Koma ine chinkandidya usana wonse ndi ichi: mwana wanga sanalawe chakudya cha m'manja mwanga kuyambira pomwe ndinamusiya ali ndi mano a mkaka. Hositelo yonse ya amuna osawadziwa inkanyambita zala, wanga wobala ndekha ayi. Ndinasamukira kuno ku Insaca kuti ndisamaone.

Kenaka kunabwera nkhani ya ukwati. Luwiza anapeza mnyamata wa kunyanja, Yusufu, mwana wa asodzi, Asilamu, ndipo iye analowa Chisilamu. Ine ndinalibe nazo vuto, mnyamatayo ndi wakhama, manja ake ndi okhakhala. Azimayi a mbali zonse tinakumana kwa Marita kugawana ntchito. Mpunga uje, nkhuku uje, nsomba a kunyanja, kulangiza mkwatibwi Marita. Ine dzina langa silinatuluke. Mayi wina anati, "Inu mupume, mwatopa ndi ku Joni."

"Kupuma ndikapuma kumanda," ndinatero. "Mbuzi ndigula ine, ndipo ndiphika ine. Mumgolo."

Ndinali nditawerengera kale mumtima. Pa ukwati mkwatibwi sanganene kuti wadya kale. Mbale imene amulowetsere m'nyumba mudzakhala nyama yanga, ndipo akapita kwa amuna ake adzapita atalawa dzanja la mayi ake.

Mayi ake a Yusufu, Abiti Amidu, anakhosomola. Ndi mayi wamfupi, wa maso akuthwa, wowamba nsomba chibadwire.

"Asewele, musakwiye. Timamva kuti ku Joni m'migolo imeneyi mumaotcheramo chinyama chija." Dzina la nkhumba sanafune n'kulitchula komwe.

"Wa ku Joni unatsala ku Joni, asewele. Uwu ukhala namwali. Mudzaununkhize nokha, ndipo mbuziyo azinge ndi amuna anu."

Mgolo ndinaupeza kwa wogulitsa mafuta ophikira. Wowotcherera wa pa merikado, pamsika pathu, nditamufotokozera za mabowo, anandiyang'ana n'kutsitsa mawu, "Mama, ngati ndi wa kachasu, paipi imalowa pamwamba." Ndinati iwe boola pamene ndakulozera, kachasu ukatchezere agogo ako. Ndinauotcha, kuukwecha, kuupaka, kenaka pamwamba pa shapa, ukulira gudugudu msewu wonse mpaka kumudzi. Abiti Amidu anabweradi, analowetsamo mutu mpaka mpango kutsala pang'ono kugweramo. "Ndi woyera," anatero.

Mbuzi anazinga dzulo lake la ukwati. Ndinaidula zigawo zikuluzikulu, ndinaipaka mchere, adyo, piripiri ndi mandimu, inagona choncho. M'mamawa ndinayatsa moto kuseri kwa nyumba ya Marita, pafupi ndi kanjira ka kubafa, kutali ndi phokoso. M'nyumbamo ndi mmene munali mkwatibwi, atamuveka kale zoyera, azilangizi atamuzungulira.

Azimayi a kunyanja anabwera kudzaonerera, manja m'chiuno. Iwotu ndi akatswiri a utsi, milamba ndi makumba amawamba pa thandala utsi uli tolo mpaka maso kulira. Wina anati, "Utsi wake uli kuti?" Wina, "Kodi moto ulimo?" Abiti Amidu anaseka mpaka kugwira mnzake paphewa.

"Asewele, mukuwamba nyama pa tsiku la ukwati? Kodi ukwatiwu ndi wa chaka chamawa?"

Onse gwedee kuseka. Kwa iwo chowamba ndi chosunga, chodya mvula ikagwa. Ine ndinati sekani, mano omwewo muwafuna masana.

Dzuwa litakwera ndinapita kukatola tizidutswa ta mango. Pobwera ndinaika dzanja pa chivundikiro, ndipo ndinadziwa pompo. Kutentha kwatsika, chivundikiro chakhala mopendama. Wina watsegula! Ndinakuwa bwalo lonse kumva. Ndinaloza a mpunga, a nkhuku, ngakhale mkulu wina amene ankangodutsa ndi njinga yake. Aliyense akuti si ine. Ndinatsegula timabowo ta pansi kuti moto udzuke, ndinakhala pomwepo ngati mlonda, osasunthanso.

Masana, amuna atapita ku mzikiti kukamanga ndowa, ukwati wa Chisilamu, ndinatsegula ndekha. Inu! Kunja yoderapo ngati khungwa la mtengo, yonyezimira, fupa ndikaligwira likutembenuka lokha. Tiyu Feniyasi akanaona akanavula chipewa. Ndinatseka mabowo onse kuti nyama ipume, ndipo ndinati ndikasambe msanga, ndivale kapulana ya ukwati, mayi wa mkwatibwi asaoneke ngati wogulitsa makala.

Pobwera, mgolo uli yasa, mkati mbee. Ngowe zokha zikulendewera.

Ndinathamanga ku mafuwa. Ndinapeza Abiti Amidu ataima pa chimphika chachikulu, mthiko m'manja, thukuta kamukamu, nkhope yosangalala. Mbuzi yanga aiduladula tizidutswa, athiramo madzi, tomato, anyezi, ikubwata bwatabwata.

"Asewele, takuthandizani! Yauma bwino zedi, mwaitha. Tsopano tikuiphika."

"Kuphika chiyani? Inapsa kale!"

"Yapsa bwanji yosalowa mumphika?" Anayang'ana anzake ngati ndayamba misala. "Nanga mpunga anthu adyera chiyani? Msuzi uli kuti? Mlamba wowamba mumangoupereka kwa alendo wouma choncho?"

Chopweteka n'chakuti sanachite mwankhanza. Kunyanja chilichonse chochoka pa utsi chimapita mumphika, ndi mmene anabadwira. Ndinayankhula mawu ena a Chizulu amene ndinaphunzira kwa MaNkosi. Mwayi wake panalibe womva.

Anthu anadya, ananyambita mbale, ena kupempha msuzi wapadera. Ndinkamva akuti, "Koma Abiti Amidu amaphika!" Ndinalawa, ndisaname, inali yokoma ndithu. Koma sinalinso yanga. Ndinaona mbale ya mkwatibwi ikulowa m'nyumba, yochokera mumphika wa eni, ndipo ndinatembenuka n'kupita kuseri. Ndinakhala pa mtondo wogwetsa n'kumapala waya wanga ndi mpeni, kapulana yatsopano ili m'thupi. Sindinalire. Ine sindilira pa ukwati. Utsi wotsalira ndi umene unkandilowa m'maso.

Dzuwa litapendeka ndinamva chitseko chakuseri, kenaka mawu a Marita akukalipa chonong'ona. Anatulukira akukoka mkwatibwi padzanja.

"Mana, taonani zimene wachita mwana wanu! Muli ndi ndimu lotsala? Anthu akufuna kujambula!"

Mwana akalakwa ndiye amakhala wako, mwaona? Marita anakweza mpango umene Luwiza anafunda, ndipo pa mkono wa diresi loyera panali chimzere chakuda, mwaye wosakanikirana ndi mafuta, kuyambira pachigongono kutsika. Tsiku lonse ankaubisa. Ine mzere umenewo ndimaudziwa. Ndi wa mkombero wa mgolo, umaupeza ukapisa dzanja mkati mothamanga. Malaya anga onse a ku Joni anali nawo.

"Ndiwe unatsegula mgolo wanga?"

Anaweramitsa mutu. "Fungo linkalowa pawindo. Chidzukireni sanandipatse kanthu, akungondilangiza. Ndinanama kuti ndikupita kubafa."

"Unatenga chiyani?"

"Nthiti."

"Nthawi imene ija inali isanapse!"

"Ya m'mbali inapsa." Kenaka anatukula maso, koyamba kundiyang'ana mwachindunji chibwerereni changa. "Koma mchere munachepetsa."

Marita anagwira pakamwa. "Luwiza! Amayi ako amenewa!"

"Mchere wanga suchepa," ndinatero. "Ndadyetsa amuna a mumgodi ine, palibe anapemphapo mchere."

"Mwina ankakuopani. Unachepa."

"Iwe unadya chothamanga, utaima, ngati wakuba. Mchere uumva bwanji?"

"Ndinabwerezatu kawiri. Konse unachepa."

"Kawiri! Ndiye chifukwa chake moto wanga unafuna kuzima!"

Tinakangana pamenepo, ine ndikupaka ndimu pa diresi, iye akundiuza kuti ndikungowonjezera kuda, Marita akuponda pansi kuti tifulumire. Banga silinachoke. Pa zithunzi zonse za ukwati Luwiza waima chammbali, mkono umodzi kumbuyo, ndipo ine ndili pambali pake mano onse pamtunda. Anthu amati ndinkasangalala ndi mkamwini. Ayi. Mlendo ukamupatsa chakudya amati zikomo, chakoma, ngakhale chapserera. Wokuuza kuti mchere wachepa ndi mwana wa pakhomo.

Mgolo womwewo ndi umene mumauona pa merikado. Pansi pa nyama tsopano ndimaikapo kapoto ka tomato ndi anyezi, mafuta azidonthera momwemo, msuzi n'kupezeka. Pamenepo Abiti Amidu ananena zoona, koma musakawauze, angatupe. Luwiza akabwera kudzagulitsa nsomba za amuna ake amafikira kwa ine, amakhala pa benchi, amadzitengera yekha osapempha, ndipo amabwera ndi mchere wake m'kapepala. Dala, kuti andipsetse mtima. Ndimapsadi mtima, ndipo ndimamuwonjezera nyama.

Profesora, ndamaliza. Inu amene mwawerenga nkhaniyi musaisunge pansi pa pilo. Ipatseni mnzanu, ndipo ngati muli ndi m'bale ku Joni amene anasiya mwana kumudzi, muwerengereni pa telefoni. Mumuuze kuti akabwera aziphikabe, ngakhale amve "ndadya kale" mpaka makutu kuwawa. Mumuuzenso kuti ngati asewele ake ndi a kunyanja, asachoke pa mgolo kukasamba. Adye ukwati akununkha utsi.